Singano ya geji ya kutentha ikamanama pa galimoto yakale

Amene amasunga Land Rover Series III, Mini yakale, MGB kapena Triumph amalidziwa vuto ili. Singano ya geji ya kutentha imagona pa C (pozizira) ulendo wonse ngati injini sinalire n'komwe, kapena imathamangira pa H (potentha) musanatuluke n'komwe pa geti, apo ayi imangoyendayenda, kukwera mukayatsa magetsi, kutsika mukaima pa maloboti. Ambiri amayamba n'kugula geji ina. Ndalama imeneyo nthawi zambiri imangolowa m'madzi, chifukwa mwa zipangizo zonse za pa mzere wa magetsi wa gejiyi, geji yeniyeniyo ndi imene siifa kawirikawiri. Zimene zimavuta ndi zazing'ono, zotchipa, zobisika kuseri kwa dashibodi kapena pansi pa girisi, ndipo zimapezeka msanga ngati mukuzifufuza mwa dongosolo lake.

Dongosolo lake limayambira pa injini, osati pa geji. Singano yoloza pa H ikhoza kukhala ikunena zoona. Munthu akazolowera kuti "geji yanga ndi yabodza" amasiya kuiyang'ana, ndipo tsiku limene ikunenadi zoona pa chitunda cha Thabwa mu Okutobala, amadzazindikira nthunzi itatuluka kale mu boneti, hedi gasiketi itapsa.

Dziwani kaye kutentha kwenikweni

Injini ili yozizira, makamaka m'mawa isanalire, tsekulani chivindikiro cha rediyeta muone madzi. Musatsekule ikadali ya moto, madzi ake amatumpha ndi mphamvu ndipo amasupula khungu. Madzi akachepa kwambiri geji imasokonekera mwa njira yoopsa. Sensa, kachitsulo ka pa injini kamene kamamva kutentha n'kuuza geji, imawerenga bwino ikamira m'madzi. Ikatsala pa mpweya kapena m'nthunzi, singano ikhoza kutsika pamene hedi, mutu wa injini, ikupsa. Choncho mukaona singano imene inali pamwamba yagwa mwadzidzidzi muli pa ulendo, komanso hita yasiya kutulutsa mpweya wofunda, imani. Injini sinazizire, madzi ndi amene atha.

Madzi akakhala okwanira, lizani injini ifunde bwinobwino, kenako yezani ndi chipangizo china chosakhudzana ndi galimotoyo. Chabwino ndi themomita yoloza patali, yonga kamfuti, imene amakaniko ena ali nayo. Ija ankatiloza nayo pa chipumi nthawi ya Covid si yake, zambiri mwa zimenezo zinapangidwira thupi la munthu ndipo zimalekera pa madigiri 40 ndi pang'ono. Lozani pa chitsulo chimene chimasunga themositati (kachipangizo kamene kamatsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikafunda), pamene paipi yapamwamba ya rediyeta imachokera, komanso pa hedi pafupi ndi sensa. Chitsulo chonyezimira chimaisokoneza themomita yotereyi n'kuipangitsa kuwerenga motsika, ndiye matanipo kachidutswa ka tepi yakuda muloze pamenepo. Magalimoto a ku Britain a nthawi imeneyo ankaikidwa themositati ya madigiri 74, 82 kapena 88, ndipo nambala yake imadindidwa pa themositatiyo. Injini yabwino imakhala pafupi ndi nambala imeneyo kapena kupitirira pang'ono. Mukapeza 84 pamene singano ili m'chigawo chofiira, injini ilibe mlandu. Mukapeza kupitirira 100, geji isiyeni, vuto lili ku rediyeta, fanibeloti, pampu ya madzi kapena themositati yokanirira.

Ngati themomita mulibe, dzanja limathandizako pang'ono. Paipi yapamwamba iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo injini itangolira, kenako n'kutentha mwadzidzidzi themositati ikatseguka. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, themositati yatsala yotseguka kapena mulibemo. Kuno kwathu zoti mulibemo n'zofala. Amakaniko ambiri amaichotsa ponena kuti dziko lathu ndi lotentha kale, inapangidwira kwa azungu kozizira. Ine sindigwirizana nazo. Injini yopanda themositati imayenda yozizira pa msewu wotsetsereka, imadya mafuta ambiri ndipo imatha msanga m'kati. Pa nkhani yathu ino, singano yake imakhala pansi nthawi zonse, ndipo mwini wake amaimba mlandu geji imene ikunena zoona.

Geji yanu ndi ya mtundu uti

Yang'anani chimene chalowa mu hedi. Ngati ndi kapaipi kakang'ono kachitsulo, kokulungidwa ndi waya ngati sipuling'i, kochokera pa injini mpaka kuseri kwa geji osadukiza, geji yanu si ya magetsi. MGB zoyambirira zinali ndi yotere, yokhala m'galasi limodzi ndi geji ya oilo. Za mtundu umenewu ndinena kumapeto. Ngati ndi kachitsulo ka mkuwa kokhala ndi waya mmodzi, geji ndi ya magetsi.

Za magetsinso zilipo ziwiri, ndipo mumazisiyanitsa potembenuza kiyi. Singano ikadumpha nthawi yomweyo n'kumanjenjemera pa mabampu, ndi ya mtundu wakale kwambiri. Ikamakwera mwaulesi, kutenga masekondi angapo kuti ifike pamalo pake, ndi ija imene kampani ya Smiths inafalitsa m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndiyo ili mu Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatana, kokulungidwa ndi waya woonda. Magetsi akamadutsa, wayayo amafunda, kachitsuloko n'kupindika n'kukankha singano. Sensa ya pa injini ndi imene imalamula kuchuluka kwa magetsi odutsa: ikazizira imawakaniza, ikatentha imawalola. Magetsi ambiri, singano pamwamba. Mfundo imeneyi mukaigwira, zotsala zonse mutha kuziganiza nokha. Chilichonse chowonjezera magetsi pa mzerewu chimakweza singano, chilichonse chowatchinga chimaitsitsa.

Ndiye pali vuto limodzi limene opanga anayenera kulithetsa. Batire simakhala pa mavolti amodzimodzi. Injini ikazima ili pa 12 ndi pang'ono, alteneta ikamatchaja imafika cha pa 14. Geji yotere ikanamalandira magetsi osinthasintha chonchi, bwenzi singano ikutsatira phazi lanu pa akiselereta. N'chifukwa chake anaikapo kabokosi kachitsulo kotchedwa voltage stabiliser, kamene kamapatsa ma geji mavolti 10. N'kakang'ono, kosakwana bokosi la machesi, ndipo pa Mini ndi pa Series III kamamangidwa kuseri kwa sipidomita. Anthu ambiri amakhala ndi galimoto zaka osadziwa kuti kaliko.

Geji ya mafuta ndi mboni

Stabiliser imodziyo imadyetsa ma geji awiri, ya kutentha ndi ya mafuta. Musanagwire sipanala, yang'anani geji ya mafuta. Ngati yonse iwiri ikuwerenga mokwera, thanki imene mukudziwa kuti ili theka ikuoneka yotsala pang'ono kudzadza ndipo ya kutentha ili pafupi ndi H, wolakwa ndi stabiliser. Mwina tizitsulo take tam'kati tamatana, kapena, chimene chimachitika kwambiri, yataya ethi, njira yobwerera ya magetsi kudzera m'chitsulo cha galimoto. Stabiliser yopanda ethi siidula magetsi, imangowadutsitsa onse mmene abwerera. Chizindikiro china n'chakuti masingano onse awiri amakwera pang'ono mukamathamanga ndipo amatsika injini ikamalira pang'onopang'ono, makamaka pa galimoto imene ikadali ndi jenereta yakale ya Lucas, imene siitchaja kwenikweni injini ikamangolira galimoto itaima. Amene zinawachitikira amakumbukira kuthera mafuta pa msewu geji ikunena kuti atsala kota.

Ethi ya stabiliser imadutsa m'thupi lake lachitsulo, pa kasikuluu kamene kaimanga. Pa Series III dashibodi ndi ya pulasitiki, ndiye sipidomita payokha imadalira waya wakuda womangidwa pansi pa kanati kozungulitsa ndi zala. Munthu akachotsa sipidomita kuti asinthe babu kapena kebulo, n'kuiwala kubwezera waya wakudayo, mawa lake galimoto "yayamba kutentha". Ngati vuto linayamba wina atangogwira kuseri kwa dashibodi, yambirani pamenepo.

Ngati ma geji onse awiri afa, onani fyuzi. Pa mawaya a Lucas, waya wobiriwira ndi amene amanyamula magetsi odutsa pa kiyi ndi pa fyuzi, ndipo pa magalimoto ambiri mzere womwewo umadyetsanso ma indiketa, magetsi a mabuleki ndi mawaipa. Zonsezi zikafa pamodzi, ndi fyuzi kapena timano timene timaigwira, timene timachita dzimbiri lobiriwira. Samalani pogula ina. Fyuzi yagalasi ya Lucas yolembedwa 35 imatanthauza kuti imapsa pa ma ampu 35, koma imanyamula 17 okha nthawi zonse. Fyuzi za masiku ano zimalembedwa nambala imene zimanyamula, ndiye mukaika ya 35 yamakono, mawaya ndi amene adzapse fyuzi ili bwinobwino. Zokulunga waya kapena pepala la ndudu pa fyuzi yakupsa sindizinena n'komwe.

Fyuzi ikakhala bwino, yezani stabiliser. Ili ndi malo awiri olumikizira: B, pamene pamalowa waya wobiriwira wochokera ku batire, ndi I, pamene pamatuluka waya wobiriwira motuwa wopita ku ma geji. Pa B payenera kukhala mavolti a batire kiyi akatembenuzidwa. Pa I ndi pamene ambiri amasokonekera. Stabiliser yakale siitulutsa 10 wokhazikika. Imayatsa ndi kuzimitsa magetsi onse mosalekeza, ndipo ukawaphatikiza ndi pamene amakwana 10. Ma geji sazindikira chifukwa ndi aulesi. Mita yoyezera magetsi yoonetsa manambala ikaikidwa pamenepo imangolumphalumpha, 0, 12, 7, 0, ndipo munthu amataya stabiliser yabwino poganiza kuti yapenga. Gwiritsani ntchito tesita ya babu laling'ono: mbali imodzi pa I, ina pa chitsulo cha galimoto. Dikirani masekondi angapo. Babu likamaphethira, stabiliser ili moyo. Likangoyaka osaphethira, ikudutsitsa magetsi onse. Likapanda kuyaka, yafa.

Pogula ina mupeza zambiri zili zamakono, zokhala ndi kachipangizo ka ilekitironiki m'kati mwa kabokosi kooneka ngati kakale. Zimenezi zimatulutsa 10 wokhazikika amene mita imamuonetsa bwino, ndipo ine ndimazikonda. Koma zimasankha mbali. Magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa chisanafike chaka cha 1967 anali ndi ethi ku mbali ya positivi ya batire, ndipo ena sanasinthidwe mpaka lero. Onani kaye kuti ndi waya uti wa batire wamangidwa ku thupi la galimoto, mugule yogwirizana nayo. Yakale ija siisankha mbali, koma imafuna kumangidwa choimirira, mbali yolembedwa TOP ili kumwamba. Amene ali ndi magalimoto a mayiko ena asadabwe akapanda kupeza kabokosika. Ford za ku America zinkagwiritsa ntchito mavolti 5, ndipo magalimoto ena akale a ku Japan anabisa chipangizo chimenechi m'kati mwa geji imodzi mwa ziwirizo.

Geji ya mafuta ili bwino, ya kutentha yokha ndiyo ikuvuta

Apa mwatsala ndi zinthu zitatu: sensa, waya wake, ndi geji. Pali kayezedwe kamodzi kosafuna chipangizo chilichonse kamene kamazisiyanitsa. Pitani pa sensa, imene pa injini ya Land Rover ya 2286 cc komanso pa ya Mini ili pa hedi, pafupi ndi themositati. Waya wake ndi wobiriwira wa mzere wabuluu, ngati sanasinthidwe ndi amene anaigwirapo kale. Mutembenuze kiyi osaliza injini, muzule wayayo. Singano iyenera kutsikira pa C. Kenako gunditsani nsonga ya wayayo pa chitsulo choyera cha injini, mnzanu akuyang'ana geji. Singano iyenera kuyamba kukwera kulowera ku H. Musafulumire kugamula, geji iyi imachedwa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ikangodutsa pakati chotsani wayayo, musadikire kuti ifike kumapeto, chifukwa kawaya kam'kati kakhoza kupsa mukakasiya nthawi yaitali.

Singano ikatsika pozula n'kukwera pogunditsa, geji ndi waya zili bwino, vuto lili pa sensa kapena pamene yamangidwa. Ikakhala pa H ngakhale waya mwamuzula, ndiye kuti wayayo wasupuka penapake ndipo akugunda chitsulo. Mutsatireni ndi chala kuchokera pa injini mpaka pamene amaboola khoma la pakati pa injini ndi dalaivala. Pa bowo limenelo pamakhala kamphira, ndipo kakafumbutuka chitsulo chimadya waya. Onaninso pafupi ndi ekizozi pamene pulasitiki amasungunuka. Waya wotere nthawi zina amagunda pa mabampu pokha, n'chifukwa chake galimoto imaoneka yabwino pa tara koma "imatentha" ikangolowa msewu wafumbi. Singano ikapanda kusuntha pogunditsa, pitani kuseri kwa geji muchite chimodzimodzi pa malo pamene waya wobiriwira wa mzere wabuluu walumikizidwa. Ikakwera pamenepo, waya waduka pakati pa njira. Ikakhala chete pamene mbali inayo pakufika magetsi a stabiliser, apo ndiye geji yafadi. Mutha kutsimikiza ndi mita: geji ya Smiths yotere imaonetsa ma ohm (muyezo wa kukaniza magetsi) pafupifupi 60 pakati pa malo ake awiri, yakupsa siionetsa kanthu.

Kuwerenga motsika pang'ono, singano osafika pakati ngakhale themomita ikunena 85, kawirikawiri ndi dzimbiri basi. Kachitsulo kolumikizira pa sensa kamakhala pa moto, pa oilo ndi pa madzi zaka makumi anayi. Mukakazula mupeza m'kati muli zobiriwira, ndipo waya watsala ndi tinsinga tiwiri kapena titatu pamene anaphanikizidwa. Dulani, senderani waya mpaka mkuwa wofiira uoneke, ikani kolumikizira katsopano kogwira zolimba. Mawaya a Lucas alinso ndi malo olumikizira obulungira obisika m'timphira takuda pakati pa njira. Tizuleni timenetonso mutipukute.

Sensa

Sensa ili ndi waya mmodzi chifukwa njira yake yobwerera ndi mano ake amene alowa mu hedi. Ndiye amene amaikulunga tepi yoyera ya apulambala poopa kudontha kwa madzi akhoza kuidula ku ethi, kapena kuisiya ikugwira pang'ono. Singano imatsika kapena kufa. Ikani mita pakati pa thupi la sensa ndi chitsulo cha injini, iyenera kuonetsa pafupifupi 0. Ikapanda kutero, masulani, chotsani tepi ndi dzimbiri, mubwezere. Masulani injini itazizira, mutachepetsako madzi mu rediyeta. Pomanga musakakamize, ndi mkuwa ndipo umathyokera m'kati, ntchito ya mphindi khumi n'kusanduka ya tsiku lonse.

Poyeza sensa yokha, ikani mita pa ma ohm, waya wina pa nsonga, wina pa thupi lake. Ikazizira imaonetsa mazana angapo. Iviikeni m'madzi otentha, nsonga ili kunja, muone nambala ikutsika mosadukiza mpaka makumi angapo madzi akamawira. Ikamalumpha, kuima, kapena kusasintha, itayeni.

Koma kayezedwe kamene ndimakakhulupirira kwambiri ndi koyeza zonse pamodzi. Chotsani sensa, muilumikize ku waya wake, mumange waya wina kuchokera pa thupi lake kupita pa injini kuti ipeze ethi, muiviike m'kapu yachitsulo ya madzi ongophula kumene pa moto, muikemo themomita, kiyi atatembenuzidwa. Madzi akamazizira muzilemba pamene singano ili pa 95, pa 85, pa 75. Mukatero mwadziwa chilankhulo cha geji yanu. Pa geji yolembedwa C, N ndi H, singano iyenera kukhala cha pa N, pakati, madzi akakhala pa kutentha kwa themositati yanu. Kumbukirani kuti madzi sawira pa 100 paliponse. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amawira cha pa 96 kapena 97. Ku Nsanje ndi kumene amayandikira 100, ndipo ku Johannesburg amawira cha pa 94. Musaimbe mlandu geji chifukwa cha madigiri atatu amenewa.

Vuto limene limabwerera kwa anthu ambiri ndi la sensa yolakwika. Pa shelefu ya sipeya zonse zimafanana, mkuwa womwewo, mano omwewo, ndipo wogulitsa amangoyerekeza ndi yakale n'kunena kuti "ilowa". Kulowa imalowadi. Koma sensa iliyonse inapangidwira geji yake, ndipo ya geji yakale yodumpha siigwirizana ndi ya geji yaulesi, ya Smiths siigwirizana ndi ya kampani ina. Ngati singano inayamba kunama tsiku limene munasintha sensa, musafufuze kwina. Izi zimachitikanso kwambiri pa Land Rover zimene zinaikidwa injini ina, ya Toyota kapena ya Nissan, sensa n'kusiyidwa ya injini yatsopanoyo pamene geji ndi yakale. Njira yake ndi kubwezera sensa ya geji yanu pogwiritsa ntchito kolumikizira ka mano a mitundu iwiri. Onetsetsani kuti nsonga ya sensa ikufikabe m'madzi oyenda, chifukwa ikabisala m'kati mwa kolumikizirako imachedwa kumva ndipo imawerenga motsika. Palinso kachipangizo kena kofanana ndi sensa kamene ndi switchi chabe, koyatsira fani kapena babu lochenjeza. Kakaikidwa pa geji, singano imagona pa C mpaka injini itatentha kwambiri, kenako n'kupita pa H kamodzin'kamodzi.

Singano yokwera mukayatsa magetsi

Ili ndi limene limazunguza mutu kwambiri. Masana zonse zili bwino, usiku mukayatsa magetsi akutsogolo ndi fani ya hita, singano ya kutentha imakwera, ya mafuta osasuntha kwenikweni. Wolakwa ndi lamba wa ethi, waya wokhuthala wolukidwa amene amalumikiza injini kapena giyabokosi ku tchesi. Injini imakhala pa timphira, ndiye magetsi onse obwerera ku alteneta amadalira lamba ameneyu. Akachita dzimbiri, injini ndi thupi la galimoto zimasiyana mavolti pang'ono, ndipo popeza sensa ili pa injini pamene stabiliser ili pa thupi, kusiyanako kumathera mu geji. Lizani injini, yatsani zonse, muike mita pakati pa chitsulo cha injini ndi thupi la galimoto. Kupitirira 0.2 volti ndi chizindikiro choti lambayo akufuna kumasulidwa n'kupalidwa mbali zonse mpaka chitsulo chiwale. Galimoto yotere nthawi zambiri sitata yake imalemera m'mawa, ndipo kebulo ya tchoku ikhoza kufunda chifukwa magetsi asandutsa njira. Pa Land Rover onjezani kusamala. Thupi lake ndi la aluminiyamu pa tchesi chachitsulo, ndipo pamene ziwirizi zakumana pamatuluka ufa woyera umene sudutsitsa magetsi. Ethi yomangidwa pa malo otero imaoneka yolimba koma ili yakufa.

Geji ya kapaipi

Iyi ilibe waya, ilibe fyuzi, ilibe stabiliser. Kumapeto kwa kapaipi kuli kabotolo kachitsulo kolowa mu hedi, kokhala ndi madzi a ether. Akatentha amasanduka mpweya umene umakankha kachitsulo kopindika m'kati mwa geji. Ikakhala yamoyo imanena zoona kuposa za magetsi, ndipo imawerenga ngakhale kiyi atachotsedwa. Mukazimitsa injini mudzaona singano ikukwera kwa mphindi zingapo. Si vuto, pampu yaima ndiye kutentha kwa hedi kwaunjikana m'madzi osayenda. Geji ya magetsi imaonetsanso zomwezo mukaliza galimoto mutangoima pang'ono pa filing'i siteshoni, ndipo imatsika yokha mukayamba kuyenda.

Imfa yake ndi imodzi: kapaipi kakathyoka kapena kubooka, ether amathawa, pamamveka kafungo ka kuchipatala, singano n'kugona osadzukanso. Kuwotcherera sikuthandiza chifukwa zam'kati zapita. Imafuna katswiri wa ma geji woidzadzanso, apo ayi kugula ina yathunthu. Nthawi zambiri amaipha ndi munthu pomasula. Kabotolo kaja kamagwidwa ndi nati, ndipo patapita zaka kamamatirira ku natiyo. Mukazungulitsa nati kabotolo n'kuzungulira nayo, kapaipi kamapotoka n'kuduka musanazindikire. Thirani mafuta omasulira dzimbiri dzulo lake, masulani pang'onopang'ono diso lili pa kapaipi, kakayamba kuzungulira imani mubwerere. Pobwezera musakapinde mwamphamvu, siyani kotsalako katazengedwa mozungulira pakati pa injini ndi thupi kuti kazimeza kunjenjemera, ndipo kakhale kutali ndi ekizozi. Kuyeza kwake ndi kapu ya madzi otentha yomwe ija.

Geji ya magetsi imene yapezeka kuti ikulakwitsa pang'ono, zina zonse zili bwino, ili ndi timabowo tiwiri kumbuyo kwake tosinthira singano. Pokhapokha mutakhala ndi themomita ndi sensa yotsimikizika, musatigwire. Zoika kachipangizo kotchinga magetsi pa waya wa sensa kuti singano ibwerere pakati ndi kudzinamiza. Pakati pamaoneka bwino, koma mwatsitsanso kumtunda, ndipo tsiku limene injini idzafike 110 singano idzakhala isanalowe pofiira.

Mukakonza, kayeseni galimoto pamene imavutikadi, monga pokwera ku Zomba Plateau kapena msewu wa Golomoti, mutanyamula themomita. Imani pamwamba injini ikulira, muyeze pa chitsulo cha themositati, muone pamene singano ili. Pa chitunda chachitali ndi bwino ndithu kuti ikwere pang'ono kupitirira N, bola itsikenso mukafika poyalazika. Chivindikiro cha rediyeta chionedwenso tsiku lomwelo. Cha 7 psi (muyezo wa mphamvu ya kupanikiza) chimakweza powirira madzi ndi madigiri opitirira pang'ono 10, ndipo mphira wake ukatha galimoto imabwata pa kutentha kumene geji yabwino ikuonetsabe kuti n'kololeka.